Enoch Tudge, Galu Wapansi

Ndinakwatiwa ndi munthu wa utuchi. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ndinkaupeza m'makutu mwawo, m'matumba, m'mapilo, ngakhale mu batala. Amuna anga, a Enoch Tudge, anali wocheka matabwa m'mudzi mwathu mwa Cullow, chakumalire ndi Wales, ndipo pa anthu awiri ogwira sowo yaitali yochekera zipika, iwo ndi amene ankaima m'dzenje. Pamwamba pa chipika pankaima Horace Bebb, wadazi, wamimba, wokonda kuimba mluzu. Horace ankakweza sowo n'kumaiwongolera pamzere wa choko uku akubwerera chammbuyo, a Enoch n'kumaikokera pansi uku akuyenda chamtsogolo, utuchi n'kumawagwera m'khosi.

Tsiku lililonse, thabwa loyamba likangofika pakati, Horace ankasuzumira m'dzenje n'kufunsa kuti, "Bwanji Enoch, kukugwa mvula kumeneko?" Akatero ankaseka yekha mpaka mimba kugwedera. Nthabwala imodzi yomweyo kuyambira chaka cha 1923. Ndikanakhala ine ndikanamukoka mwendo kalekale, koma amuna anga ankangoyankha kuti, "Yowaza chabe," n'kutsitsa chipewa chawo chakhonde.

Ife Angelezi sititha kulankhula osatchula galu. Munthu akalowa pansi n'kutayika timati wapita kwa agalu. Mwamuna akalakwira mkazi wake timati ali m'kanyumba ka galu. Wotchena mopyola muyezo timati wafanana ndi chakudya cha galu, ndipo musandifunse chifukwa chake. Mukanafunsa a Enoch. Iwo sukulu anailekera panjira, koma mawu alionse a galu ankadziwa kumene anachokera, ndipo pamene sankadziwa ankadziwabe.

Kalasi yawo inali bala la m'mudzi, lija la chikwangwani cha galu woyera, Lamlungu masana anthu akatuluka m'tchalitchi. Ine ndinkathandiza kutsuka matambula kumeneko, choncho zonse ndinkazimva ndi makutu angawa. Munthu akalowa ndi matsire n'kupempha ubweya wa galu amene wamuluma, kutanthauza tambula ina ya mowa wa maapozi womwewo umene unamugwetsa dzulo lake, a Enoch ankayamba kukonza kukhosi.

"Ukudziwa kumene anachokera mawu amenewo? Kale galu wachiwewe akakuluma ankamugwira, n'kumumeta ubweya, n'kuumata pachilondapo. Agogo anga anamuchitapo zimenezo msuweni wawo."

"Ndiye anachira?"

"Galuyo anachira."

Masiku otentha a Julayi ndi Ogasiti, amene timawatcha masiku a galu, ankati ndi chifukwa cha nyenyezi yowala ija yotchedwa galu, imene nyengo imeneyo imatulukira pamodzi ndi dzuwa. Mvula yamkuntho, imene timati kukugwa amphaka ndi agalu, ankati kale ziweto zinkagona pamadenga a udzu n'kumaterereka mvula ikakula. Ndinawafunsa kamodzi kuti galu anakwera bwanji padenga. Anandiyankha kuti agalu akale anali olimbikira.

Koma panali mawu amodzi amene ankawasunga ngati mendulo ya kunkhondo. Zitsulo zokhota zija zogwira chipika kuti chisagubuduke pakamwa pa dzenje, amisiri amazitcha agalu. Choncho, malinga ndi a Enoch, woima pamwamba pa zitsulozo ndiye galu wapamwamba, ndipo woima pansi pake ndiye galu wapansi. Tsono mawu oti galu wapansi amanenedwa dziko lonse: timu yofooka, wandale wopanda mwayi, aliyense amene anthu akuona kuti agonja koma akumufunira zabwino. Wailesi ikangowatchula Loweruka masana pa nkhani za mpira, amuna anga ankadziguguda pachifuwa.

"Wamva, Olwen? Akunena ine. Mawu amenewa anatuluka m'dzenje ngati langa lija."

Horace anali ndi dzina lake pageti, anali ndi mluzu wake, anali ndi mphepo yabwino ya pamwamba. A Enoch anali ndi mawu awo aja, ndipo ankawakwanira.

Chaka cha 1961 chinatibweretsera zinthu ziwiri. Choyamba, mwini malo ananena kuti dzenje likwiriridwa. Makina ochekera a m'tauni anali atatenga ntchito yonse, ndipo awiriwa anatsala ndi kucheka matabwa a mabokosi a maliro basi. Anawalola kuti acheke kotsiriza pa chionetsero cha m'mudzi cha mu Ogasiti, anthu aone mmene zinkakhalira. Chachiwiri chinali mphunzitsi watsopano, a Desmond Ambler, wochokera ku Birmingham, munthu wofatsa, wopanda njiru, koma wowerenga mabuku kuposa mmene thupi limafunira.

Lamlungu lina a Enoch ali pakati pa nkhani yawo ya zitsulo ija, a Ambler anakweza chala ngati mwana wa sukulu.

"Pepani a Tudge. Ya ubweya ija ndi yoona, ya nyenyezi ijanso ndi yoona. Ya padenga ija palibe amene akudziwa bwinobwino. Koma iyi ya galu wapansiyi, mabuku amene ndaona akuti inachokera kwa anthu omenyanitsa agalu, ndipo inayamba kulembedwa ku Amereka. Galu wogonja ndi amene amakhala pansi pa mnzake. Za ocheka matabwa sindinazipeze."

Onse m'bala anatembenukira kwa a Enoch. Kenako Horace anaphulika.

"Ndiye kuti pa wailesi paja sanena iwe, Enoch! Amanena galu weniweni, wankhupakupa, wa ku Amereka!"

Anthu anaseka, poti Horace akaseka umaseka usanadziwe kuti ukuseka chiyani. A Enoch nawonso anamwetulira pang'ono, n'kutenga chipewa chawo, n'kutuluka. Tambula yawo ndinaipeza ili ndi mowa mpaka pakati, ndipo chikwatiwire ndinali ndisanaonepo zimenezo.

Kunyumba sanakhudze nyama yowotcha, sanakhudze mbatata. Loweruka lotsatira nkhani za mpira zitayamba anadzuka n'kuzimitsa wailesi okha.

"Olwen, ngati mawu aja si anga, ndiye zaka zonsezi ndakhala ndani m'dzenje muja?"

"Mwakhala wodetsa mapilo anga," ndinatero, kuti mwina aseke.

Sanaseke. Anakhala akutembenuza chipewa chawo m'manja, kenako anati, "Ndikufuna ndikwere. Kamodzi kokha, dzenje lisanakwiriridwe. Ndiime pachipika, ndigwire sowo kumtunda, mudzi undione."

Lolemba anakamupempha Horace, ndipo anabwerako nkhope itagwa. Horace anali atawayankha kuti pachipika si pa basi poti aliyense angokwera. Ine mtima unandipsa mpaka m'makutu. Ndinavula epuloni, n'kupita kukamupeza kudimba kwake akumangirira nyemba kumitengo. Horace ndinaphunzira naye kalasi imodzi, ndinamuonapo akulira chifukwa cha tsekwe, choncho sindinkamuopa.

"Iwe Horace Bebb, mimba yonseyi wanenepera pamsana pa amuna anga, lero ukuwamana theka la ola?"

Sanatembenuke. Anamaliza kumanga mfundo yake kaye.

"Olwen, nyuzipepala kunyumba kwanu amawerenga ndani?"

"Ndine. Amakonda kumva mawu anga."

"Mawu ako? Mawu ako amathawitsa akhwangwala m'munda." Apa ndi pamene anandiyang'ana. "Enoch saona, Olwen. Utuchi unamudya maso. Pansi paja safuna maso, amangokoka. Pamwamba uyenera kuona mzere wa choko uku ukubwerera chammbuyo. Chaka chatha ndinamupeza akupereka moni kwa mtengo wa pageti, mpaka kuufunsa za mayi akunyumba. Ukufuna akachekere kumbali pamaso pa mudzi wonse? Ukufuna ana akamuseke?"

Ndinkadziwa. Ndinali nditadziwa kwa zaka zisanu, kuyambira tsiku limene anathira mchere mu tiyi n'kumwa kapu yonse kuti ndisazindikire. Tinkangobisirana, iwo kundibisira ine, ine kuwabisira iwo kuti ndikudziwa. Ndinachita manyazi pamaso pa Horace, ndipo ndinakwiya koposa poyamba chifukwa wolondola anali iye.

"Ndiye pezapo nzeru," ndinatero. "Mutu wonsewo ulibe tsitsi, malo a nzeru ndi ambiri."

Anangopitiriza kumangirira nyemba zake, ndipo ndinabwerera kunyumba ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti munthuyo ndi mwala.

Tsiku la chionetsero linali lotentha, limodzi la masiku a galu aja. Panali matebulo a jamu ndi makeke, mpikisano wa nyemba zazitali, ndi bandi ya malipenga imene inkadziwa nyimbo zitatu. Itakwana thuu koloko anthu anazungulira dzenje. Pamwamba pake panali chipika chachikulu cha mtengo wa elimu, chogwidwa ndi zitsulo zake, mzere wa choko utalembedwa kale. A Enoch anali atayamba kutsikira m'dzenje mwachizolowezi pamene Horace anawagwira kolala.

"Ukupita kuti? Anthu inu, lero pamwamba pakwera Enoch Tudge!"

Amuna anga anaima phazi limodzi lili kale m'dzenje. Wina anafunsa kuti nanga pansi palowa ndani. A Ambler, amene chikumbumtima chinkawadya kuyambira Lamlungu lija, anayamba kuvula jekete.

"Ine ndingalowe, a Bebb."

"Inu aphunzitsi munachekapo chiyani, tchizi? Valani jekete lanu. Ndilowa ndine."

Amayi ena anagwira pakamwa. Horace Bebb anali asanapondepo m'dzenje limenelo, moti chipewa chake chikagweramo ankatuma a Enoch.

"Koma mwambo ndi mwambo," anapitiriza Horace mokweza. "Wokwera koyamba amavula nsapato. Amakwera ndi sokosi zokha."

"Mwambo umenewo sindinaumvepo," anatero a Enoch.

"Ukanaumva bwanji uli pansi?"

Ndinaona a Ambler akutsegula pakamwa, chala chija chikuyamba kukwera, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kunena kuti m'mabuku mulibe. Ndinawaponda phazi ndi chidendene changa chonse. Anali munthu wanzeru ndithu, chifukwa anatseka pakamwa osafunsa chifukwa chake.

A Enoch anavula nsapato zawo zajombo, ndipo mudzi wonse unaona chala chachikulu cha phazi lamanja chitasuzumira kunja kwa sokosi. Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika. Akazi a abusa anandiyang'ana, n'kuyang'ana chalacho, n'kundiyang'ananso. Poti ndinalibe koyang'ana, ndinayang'ana chipika, ndipo m'pamene ndinaona. Pambali pa mzere wa choko, motalikirana ngati chikhatho, panali kangalande kakang'ono kosemedwa ndi tchizulo, kowongoka, kuyambira kumutu kwa chipika mpaka kumapeto. Kanali katsopano, koyera. Ndinayang'ana manja a Horace, ndipo chala chake chimodzi chinali chomangidwa ndi kansalu.

Asanakwere, a Enoch anavula chipewa chawo chakhonde n'kumupatsa Horace.

"Tenga, uchifuna."

"Ine sindivala chisa cha makoswe," anatero Horace, n'kutsikira m'dzenje dazi lili pamtetete.

Kuyamba kwake kunali kochititsa manyazi, sindinama. Munthu amene wakhala akukokera sowo pansi moyo wake wonse manja ake sadziwa china. A Enoch anaikankhira pansi ndi mphamvu zonse, chogwirira cha m'munsi n'kukamugogoda Horace padazi kuti pho! Kenako miyendo yawo inachitanso zozolowera, n'kuponda chamtsogolo, kutsala pang'ono kukumbatira mano a sowo.

"Kumbuyo, chitsiru iwe!" anakuwa Horace ali m'dzenje. "Kuno ndikoka ndine! Iwe uzingokweza n'kumabwerera kumbuyo!"

Ana anayamba kuseka. A Enoch anabweza phazi lamanja pang'onopang'ono, akupapasa. Kenako chala chosuzumira chija chinagwera m'kangalande kaja, ndipo anaima. Ndinaona nkhope yawo. Anakhala chiimire mwina nthawi yopuma katatu, osayang'ana pansi, osayang'ana munthu. Atatero analavulira m'manja, n'kugwira sowo, n'kuikweza.

Kuyambira pamenepo sowo inayamba kuyenda. Fwaa, fwaa, fwaa, chala chikutsata kangalande, sowo ikutsata chala. Ana anasiya kuseka. Sipanathe mphindi zisanu, m'dzenje munamveka chifuwa, kenako kuyetsemula, kenako mawu amene sindingawalembe chifukwa abusa anali pomwepo.

"Chipewa! Wina andiponyere chipewa chija!"

Ndinamuponyera ndine, ndipo sindinafulumire. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Thabwa litafika pakati, a Enoch anaimitsa sowo. Anapukuta thukuta, n'kuwerama, n'kusuzumira m'dzenje mmene sankaonamo kanthu. Aliyense wa ku Cullow anadziwa chimene chikubwera, ndipo bandi yomwe inasiya kuimba.

"Bwanji Horace, kukugwa mvula kumeneko?"

Munamveka chifuwa chachitali. Kenako, "Kukugwa amphaka ndi agalu, nkhalamba yoipa iwe! Cheka!"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi paudzu. Ine ndinalira, ndipo sindinabise. Ndinali ndisanawaonepo amuna anga kuchokera pansi, dzuwa lili kumsana kwawo, ndipo anali wamtali kuposa mmene ndinkaganizira.

Chakumapeto kwa chipika kunali mfundo, ndipo kangalande kaja kanazimirira pamenepo. Sowo inayamba kuyenda ngati njira ya ng'ombe, a Enoch n'kumabwererabe kumbuyo mosangalala, osadziwa kuti chipika chatha. Amene anawagwira lamba phazi lili kale m'malere anali a Ambler. Thabwa linagwa, anthu anaomba m'manja, Horace n'kutuluka m'dzenje ali mbuu ngati wagwera m'thumba la ufa, maso ali psu. Analinyamula thabwalo mbali imodzi, n'kutsinzina diso limodzi, n'kuliyang'ana kutalika kwake. Aliyense ankaona kukhota kwa kumapeto kuja.

"Lowongoka," anatero. "Ngati locheka ine."

A Ambler anayandikira akutsimphina pang'ono. "A Tudge, za buku lija, ine sindinafune kuti..."

"Lisiyeni buku lanu, aphunzitsi. Mwina likunena zoona. Agalu a ku Amereka atenge mawu awo. Ine ndakwera."

Madzulo ake tikumwa tiyi, nditasuntha mchere kuuika patali, anandiitana osandiyang'ana.

"Olwen, kulibe mwambo wa sokosi."

"Ndikudziwa."

"Anasema kangalande. Chala changa chinakapeza." Anamwa tiyi pang'ono. "Ndiye kuti akudziwa za maso angawa. Iwenso ukudziwa."

"Kuyambira tsiku la mchere lija."

"Usamuuze kuti ndadziwa. Angachite manyazi." Kenako anawonjezera kuti, "Ndipo sokosi ija usaisoke."

Dzenje linakwiriridwa mu Seputembala, pano pamaima magalimoto. Thabwa lija a Enoch anabwera nalo kunyumba n'kulitsamiritsa kuseri kwa chitseko, pamene ndinakhala ndikupunthwapo chaka ndi theka. Nditanena kuti tipangire shelefu anakana. Nditanena kuti tisonkhere moto sanandilankhule mpaka mawa lake. Lamlungu ankapitabe kubala kukaphunzitsa za agalu, a Ambler atakhala pambali pawo, manja onse awiri atawakhalira. Nkhani ya agalu a padenga ija inakula: agalu akale aja tsopano ankakwera ndi makwerero.

Horace anamwalira ndi chifuwa kumapeto kwa chisanu choopsa chija cha 1963. Uthenga utafika, a Enoch anapita kuseri kwa chitseko. Anasenza thabwa lija, ine ndikuwatsogolera njira, mpaka kwa kalipentala wa mabokosi.

"Ili likhale chivundikiro," anatero.

Kalipentala analitembenuza uku ndi uku. "A Tudge, lakhota kumapetoku. Ngakhale ndilipale, lisiya kampata."

"Kampatako kasiyeni, azipumirako. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu wakhala pamwamba panga. Tsopano agone pansi pa thabwa langa."

Kalipentala anaseka, ine ndinaseka, ndipo nkhaniyo itafika kunyumba ya maliro, ngakhale mlongo wake wa malemu anaseka misozi ili m'masaya.

Kumanda kunali matope okhaokha, chipale chofewa chikusungunuka. Bokosi litatsitsidwa, abusa atamaliza mawu awo, anthu anayamba kuponya dothi mmodzimmodzi. Ndinawagwira mkono a Enoch n'kuwafikitsa m'mphepete mwa manda. Sanawerame kuti atape dothi. Anapisa dzanja m'thumba la jekete lawo la kutchalitchi, limene ndinali nditalikutumula ndekha m'mawa womwewo, n'kutulutsa utuchi wodzaza dzanja. Anauwaza pang'onopang'ono pa thabwa lawo lokhota lija, n'kuwerama, n'kusuzumira.

"Bwanji Horace, kukugwa mvula kumeneko?"

Anadikira. Anadikira nthawi yaitali ndithu, mutu atapendeketsa ngati munthu womvetsera, mpaka abusa anayamba kutsokomola. Kenako anavala chipewa chawo chakhonde, n'kuchitsitsa kumaso, n'kuyankha okha chapansipansi.

"Yowaza chabe."